Lachinayi la chiperoni ndi kamphaka kotupa mimba

Ndadzuka kusanache bwino chifukwa cha kulira kwa kamwana ka mphaka kamene kakhala kakundidetsa nkhawa kuyambira Lamulungu. Kunja kunali chiperoni, nkhungu itaphimba phiri la Michiru, moti kuno ku Chilomoni ngakhale nyumba za kutsidya sizimaoneka. Mphaka wathu, amene timamuweta chifukwa cha makoswe a m'chipinda chosungiramo chimanga, anaswa ana atatu masabata asanu apitawo. Awiri ndi ojintcha ndipo ayamba kale kukwera m'mphepete mwa katoni, koma kachitatu miyendo yake yaonda ngati timitengo ta machesi, nthiti zikuwerengeka, pamene mimba yake yatupa ngati chikho.

Masiku oyamba ndinkadzinamiza kuti kakhuta mkaka. Lero nditakaika pasikelo ya kukhitchini kanalemera magalamu 340 okha, pomwe anzake apitirira 500, ndipo nditakatsegula kukamwa ndinapeza nkhama zake zili zotuwa m'malo mokhala zofiirira. Mayi wina woyandikana nafe anandilangiza kuti ndikamwetse kachidutswa ka panado kenako ndikasambitse ndi dipi wa agalu. Ndinamuthokoza mwaulemu, koma ndinakulunga kamphakako m'chitenje chakale, n'kukaika m'basiketi ndi botolo la madzi ofunda pambali pake, ulendo wa kwa dokotala wa ziweto. M'minibasi kondakitala atamva kulira anaseka nati, "Mayi, mpaka mphaka kuchipatala?" Sindinamuyankhe, pakuti anthu ambiri kuno amangomuona mphaka ngati msampha wa makoswe, ndipo ena amamuganizira zoipa zimene sindifuna kuzilemba pano.

Adokotala anayamba ndi kukaimika, n'kuika dzanja limodzi mbali ina ya mimba, kwinaku akugogoda pang'ono ndi chala mbali inayo. "Gwirani apa, mayi, mumve nokha," anatero. Ndinamvadi kanthu kakugunda pachikhatho changa ngati kafunde ka m'ndowa. Anandifotokozera kuti mimba yodzaza njoka kapena mpweya siyankha motero, ndipo kuti apa munali madzi. Atapima chimbudzi chake pa maikulosikopu anapezanso mazira ambiri a njoka zozungulira zotchedwa Toxocara cati, zimene tiana timazitenga kudzera mu mkaka wa mayi wawo, n'chifukwa chake ngakhale kamphaka kamene sikanapondepo dothi kamatha kukhala nazo. Njokazi zikachuluka zimalanda chakudya, mapuloteni a m'magazi amachepa, ndipo madzi amayamba kudontha kuchoka m'mitsempha kupita m'mimba.

Chimene chinandiumitsa thupi ndi dzina la matenda ena amene anawatchula, a FIP. Amayamba ndi kachilombo ka korona ka amphaka, kamene kawirikawiri kamangotsegula m'mimba, koma nthawi zina kamasintha m'thupi n'kuyambitsa kutupa kwa mitsempha. Madzi amene matendawa amadzazitsa m'mimba amakhala achikasu ndi onanda, ndipo kale matendawa ankapha pafupifupi mphaka aliyense amene wawadwala. Masiku ano kuli mankhwala otchedwa GS-441524 amene nthawi zambiri amaperekedwa kwa masiku 84, koma mtengo wake ndi wosayamba kwa munthu ngati ine.

Anakoka timadzi pang'ono ndi sirinji, tinatuluka toyera mbee ngati madzi a pampopi. Kenako anatenga kabotolo ka madzi oyeretsedwa bwino, anathiramo dontho la viniga, n'kudonthezamo dontho limodzi la timadzi tija. Tonse awiri tinayang'anitsitsa. Dontholo linasungunuka n'kuzimiririka, ndipo anati likanakhala la FIP likanagwirana n'kumamira pang'onopang'ono lili lathunthu. Sanandilonjeze chilichonse, anangoti zizindikiro zikuloza kwambiri ku njoka ndi kuperewera kwa chakudya m'thupi. Nditapempha kuti angopopa madzi onsewo kuti kapepukidwe, anakana, ponena kuti madziwo amabwereranso ngati gwero lake silinathetsedwe, ndipo amawapopa pokhapokha ngati akulepheretsa kupuma.

Anandipatsa fenbendazole woyezedwa molingana ndi kulemera kwa kamphakako, womwetsa masiku atatu otsatizana ndi kubwerezanso pakatha masabata awiri. Abale ake ndi mayi wawo ayeneranso kulandira, apo ayi ndikhala ndikutunga madzi ndi dengu. Nditawauza za malangizo a mnansi wanga anagwira mutu: panado ndi poizoni kwa mphaka ngakhale atakhala wochepa bwanji, ndipo mankhwala ambiri ophera nkhupakupa pa agalu ali ndi permethrin, amene amachititsa mphaka kunjenjemera mpaka kufa. Pa za utitiri, umene umayamwa magazi komanso kufalitsa njoka zina zaphanthiphanthi, anati ndiziupesa ndi chipeso cha mano othinana ndi kuchapa zogonera m'madzi otentha. Mkaka wa ng'ombe anauletseratu chifukwa umatsegula m'mimba.

Madzulo ano ndatentha katoni yakale ija, ndakwirira chimbudzi chonse, ndipo adzukulu anga ndawauza kuti asambe m'manja ndi sopo akagwira amphaka, popeza mazira a njokazi amathanso kudwalitsa ana. Kamphakako kalandira mankhwala oyamba mokana, thovu lili kukamwa, koma pambuyo pake kananyambita supuni ziwiri za nyama ya nkhuku yophika yopanda mchere imene ndinaisinja bwinobwino. Ndazunguliza ulusi pamimba pake n'kumanga mfundo pamene wakumana, kuti mawa m'mawa ndidzaone ngati wakhwefuka, ndipo nambala 340 ndailemba pakalendala ya kukhitchini. Panopa kagona pakati pa abale ake, pafupi ndi mbaula imene yatsala ndi makala ochepa.