Amene amaphunzitsa ma architect athu, iwowo anamangapo chani?

Mwana akasankhidwa kukaphunzira za architecture mafunso amene makolo timafunsa ndi omwe aja, fizi ndi zingati, zaka ndi zingati, nanga akamaliza ntchito ikapezeka? Palibe cholakwika, koma pali funso lina limene ine ndimaona kuti timalidumpha, loti kodi akamuphunzitse kumenekoyo ndi ndani, anaphunzira kuti, ndipo kupatula ma digiri anamangitsapo nyumba imene lero ikuoneka, anthu akugonamo kapena kugwiriramo ntchito, mvula yaikwapula zaka ndi zaka koma osadontha? Ineyo ntchito yanga ndi yojambula mapulani ndi kuyang'anira ma sayiti kuno ku Kasungu, pa Boma pano mpaka ku Santhe, Chamama, Nkhamenya uko. Sindine architect koma ndimagwira nawo ntchito, mapepala awo amathera mmanja mwanga ndi mwa amisiri, nde zimene munthu anaphunzitsidwa ndi zimene sanaphunzitsidwe ife timakazionera pakhoma.

Kuno kwathu sukulu yodziwika ya maphunzirowa ili ku Blantyre, ku MUBAS, imene ambiri tikuitchulabe kuti Poly ngakhale inachoka pansi pa University of Malawi mu 2021 nkuima payokha. Kumeneko architecture imayendera limodzi ndi quantity surveying, land surveying, physical planning ndi land economy. Tsono njira imene munthu amadutsa kuti akhale lekichala m'ma yunivesite ambiri timaidziwa, wakhoza bwino kwambiri digiri yoyamba sukulu yamugwira kuti tsala uzithandizira ngati staff associate, kenaka yamupezera sikolashipu ya masitazi kunja kaya ku South Africa kaya ku UK kaya kwina, wabwerako ndi lekichala, patsogolo PhD, ndipo kuti akwezedwe mpaka kukafika pa upulofesa chimene amawerenga kwambiri ndi mapepala a kafukufuku amene wasindikiza m'ma journal. Pa masamu kapena chemistry njirayi ilibe vuto. Koma pa zomangamanga taonani bwino, munthu atha kuiyenda yonse kuchoka pa desiki kupita pa desiki ina osakanganapo ndi kontilakitala olo tsiku limodzi, osamvapo kasitomala akukuuza kuti bwana ndalama zatha pomwe nyumba ili pa lintala.

Njira ina ndi ya amene anapita ku ma ofesi ojambula mapulani, anagwira ntchito pansi pa akuluakulu, analembetsa ku Board of Architects and Quantity Surveyors imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, ndi mamembala a Malawi Institute of Architects. Awawa amadziwa mtengo wa simenti, amadziwa kuti pulani ikalowa ku khonsolo imafunsidwa chani, amadziwa zimene zimachitika folomani akabisa kuti zitsulo zaperewera. Koma ambiri alibe PhD, ena olo masitazi, ndipo munthu amene ofesi yake ikuyenda kuti asiye ma projekiti akakhale mkalasi tsiku lonse ndi nsembe ndithu. Mayiko ambiri anthu oterewa amaphunzitsa mwa part-time, kubwera masiku ena pa sabata ku studio nkubwerera ku ofesi. Alipo amene ali ndi zonse ziwiri, mapepala ndi nyumba zoloza, amenewo ndi chuma ndipo sukulu ikakhala nawo iziwasamala.

Chifukwa chimene nkhaniyi imandikhudzira ndi mmene architecture imaphunzitsidwira. Si zongokopera manotsi pa bolodi ayi, mtima wake ndi studio, wophunzira amapatsidwa malo ndi vuto, ajambule sukulu kaya msika kaya chipatala, mphunzitsi nkumabwera pa tebulo pake mmodzimmodzi kumufunsa kuti khomo ili walilozetsa uku chifukwa chani, dzuwa la masana lidzalowa pati, nanga munthu wa pa wheelchair adzakwera bwanji. Mafunso amene mphunzitsi amafunsa amachokera mu zimene iyeyo anakumana nazo, zimene sanazionepo sangazifunse. Zili ngati kusankha fodya, utha kuwerenga ma giredi onse m'buku koma tsamba ukaligwira ndi chala mpamene umadziwa kuti ili ndi la pati, ndipo amene angakuphunzitse ndi amene anakhalapo pa chigafa.

Pa sayiti ina ya mashopu mphepete mwa M1 tinalandira pulani yokongola zedi kuchokera kwa mnyamata amene anaphunzira kunja kwa dziko lino, denga lake lobisika lija lili mu fashoni pano, khoma kukwera kubisa malata, madzi onse kuthamangira mu gatala wamkati. Mmisiri wathu wamkulu, bambo wachikulire amene wakalambira pa makwerero, anayang'ana pepalalo nthawi yaitali nkufunsa kuti, achimwene, madzi a mu January adzatulukira pati apa? Mnyamata uja analoza timapaipi tiwiri. Bambo aja anati timeneto masamba a mango akangolowamo basi madzi abwerera pa siling'i. Chimene ndinamukondera mnyamatayo sanachite makani, anakwera nawo padenga la nyumba ina yapafupi imene inali ndi vuto lomwelo, anaona yekha pulasitala atafufuma, anatsika nkukulitsa gatala, kuonjezera mapaipi ndi kuika potulukira madzi akasefukira. Potsanzika anati, bambo, zimenezi tinkangozijambula, padenga palibe anatikwezapo. Mawu amenewo anandikhala mumtima, chifukwa mnyamatayo mutu ali nawo, chimene chinamusowa ndi mphunzitsi amene denga linamuchititsapo manyazi pamaso pa mwini nyumba.

Mukayang'ana mbiri za aphunzitsi otchuka a ntchitoyi mupeza kuti ambiri anayambira ku manja. Francis Kéré wa ku Burkina Faso, wobadwa mu 1965 mmudzi wa Gando, anayamba ndi ukalipentala, anapita ku Germany pa sikolashipu ya ntchito za matabwa zomwezo, kenaka nkulowa Technische Universität Berlin komwe anamaliza mu 2004. Koma sukulu ya pulayimale ya mmudzi mwawo anaimanga mu 2001 akadali wophunzira, ndi njerwa za dothi losakaniza kasimenti pang'ono, malata atakwezedwa mmwamba kuti mphepo izidutsa pansi pake ana asamapse mkalasi, anthu a mmudzi ndi amene anagwira ntchitoyo. Munthu ameneyu waphunzitsapo ku Harvard, kuyambira 2017 ndi pulofesa ku Munich, ndipo mu 2022 anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira Pritzker, mphoto yaikulu kwambiri pa architecture. Tadao Ando wa ku Japan sanapite nkomwe ku yunivesite kukaphunzira architecture, anali wa nkhonya, anadziphunzitsa yekha powerenga ndi poyenda kukaona nyumba, analandira Pritzker mu 1995 ndipo mu 1997 University of Tokyo inamutenga kukhala pulofesa. Mies van der Rohe wa ku Germany bambo ake anali osema miyala, iyenso digiri analibe, koma mu 1938 anapatsidwa kutsogolera sukulu ya architecture ku Chicago. Ine ndimadzifunsa kuti anthu ngati amenewa atabwera lero ndi CV yawo pa malonda a ntchito onena kuti tikufuna masitazi kapena PhD, akanadutsa olo pa shortlist?

Pena musandimve molakwika ngati ndikunyoza sukulu. Lesley Lokko, mayi wa ku Ghana ndi Scotland, mbiri yake ndi ya mabuku ndi kuphunzitsa, anaphunzira ku sukulu ya architecture ya Bartlett ku London, ali ndi PhD, anayambitsa sukulu ya ma postgraduate a architecture ku University of Johannesburg kenaka African Futures Institute ku Accra, mu 2023 ndi amene anatsogolera chionetsero chachikulu cha architecture ku Venice ndipo mu 2024 analandira Royal Gold Medal ya RIBA, bungwe la ma architect la ku UK. Sadziwika ndi nyumba zambirimbiri zomanga ayi, amadziwika ndi ophunzira a mu Africa amene anawatsegula maso kuti asamangokopera za ku Ulaya. Aphunzitsi otere timawafuna kwambiri. Ndipo pali mafunso ena amene mmisiri ngakhale waluso bwanji sangayankhe ndi diso lokha, amafuna labu ndi munthu wodziwa kafukufuku. Mu 2018 kunabwera malamulo a NCIC, bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga mdziko muno, oletsa njerwa zootcha pa ma projekiti aboma ndi nyumba za bizinesi chifukwa mauvuni akutha mitengo, chabwino, nanga dothi la ku Chulu ndi la ku Mtunthama likufuna simenti yochuluka bwanji kuti buloko yake ilimbe? Chivomezi cha ku Karonga mu December 2009 ndi namondwe Freddy mu March 2023 zinatisiyira mafunso a maziko, ring beam ndi kamangiriridwe ka denga amene akufunika anthu okhala pansi kuyeza ndi kulemba. Amenewo ndi a PhD aja.

Nde zimene ndikunena ine nzakuti mitundu iwiriyi izikumana pa tebulo la wophunzira mmodzi. Si maganizo atsopano. Sukulu ya Bauhaus imene Walter Gropius anatsegula ku Weimar ku Germany mu 1919, zaka zoyambirira workshop iliyonse inkakhala ndi aphunzitsi awiri, wina wa luso la maonekedwe wina mmisiri weniweni wa ntchitoyo. Ku UK mpaka munthu atchedwe architect pamatenga zaka zosachepera 7 ndipo ziwiri mwa izo ndi za ku ofesi ndi ku sayiti. Ngati wophunzira akukakamizidwa kudutsa kumeneko, womuphunzitsa studio bwanji?

Chitsanzo tili nacho pakhomo pompano. Ku chipatala chachikulu cha Kasungu kuli chiyembekezo chija cha amayi chimene chinamalizidwa mu 2015, chojambulidwa ndi bungwe la ma architect la MASS Design Group mogwirizana ndi unduna wa zaumoyo. Mmalo mwa holo imodzi yaitali ngati ya ma hostel anamanga tinyumba ting'onoting'ono tozungulira timabwalo ngati pamudzi, ndi mabuloko a dothi opanikizidwa pa makina osaotcha, madenga otambalala opereka mthunzi chifukwa anaona kuti amayi ndi owadikirira tsiku lonse amakhala panja, kuphika, kuchapa, kucheza. Mmodzi mwa amene anagwira ntchitoyi ndi Christian Benimana wa ku Rwanda, ndipo mbiri yake ndi phunziro payokha, nthawi imene ankafuna kuphunzira architecture kwawo kunalibe sukulu yake nde anakaphunzira ku Tongji University ku Shanghai, atabwerera anagwira ntchito yomanga, anaphunzitsako ku Kigali Institute of Science and Technology, kenaka anatsogolera African Design Centre yophunzitsa achinyamata a mu Africa pomanga nyumba zenizeni. Mphunzitsi wotere akamanena za dothi mkalasi amakhala akunena dothi limene linamudetsapo nsapato. Ine ndikanakonda ophunzira athu azibwera pa basi kudzakhala pamalo paja tsiku lathunthu, nthawi ya dzinja makamaka, kuona pamene madzi akugwera, kufunsa amayi kuti usiku kumazizira bwanji, kuona zimene zapirira ndi zimene zatopa patatha zaka.

Ndipo tisaiwale amisiri. Kuno kuli anthu amene amaimika chigafa chachitali ndi mitengo ndi udzu basi, amadziwa mphepo ya mwera imachokera kuti, amadziwa mtengo umene chiswe chimaukana, ena anadutsa m'ma technical college pansi pa TEVETA ena anaphunzira kwa amalume awo. Sindikuti apatsidwe upulofesa. Ndikuti aitanidwe ku studio ngati alendo olemekezeka, alipidwe bwino, ndipo dzina lawo lilembedwe pa timetable osati kungowatchula kuti ma labourer. Ma yunivesite nawo pokweza aphunzitsi a architecture nyumba yomangidwa bwino iziwerengedwa ngati mmene amawerengera pepala la mu journal, apo ayi aphunzitsi achinyamata adzathawa ma sayiti chifukwa sakuwapindulira pa promotion. Ndipo pa website ya sukulu pansi pa dzina la lekichala pasamangokhala BSc, MSc, PhD, pazikhalanso kuti analembetsa ku Board chaka chanji ndi nyumba zimene anagwirapo kuti kholo litha kupita kukaziona.

Mwana wa achemwali anga akufuna kulembera kosi imeneyi akalandira zotsatira za MSCE, masamu ndi physics amakhoza ndipo kujambula ndiye usanene. Anandifunsa kuti amalume, nanga lekichala wabwino ndikamudziwa bwanji? Ndinamuuza kuti akafike ndi ulemu kwa onse, wa mabuku akamufunse zoti awerenge ndi chifukwa chake, wa ku ofesi akamupemphe kuti pa holide amutengeko ku sayiti olo kukangogwira tepi. Pakadali pano tagwirizana ndi mayi ake kuti miyezi ino akudikira azibwera ku sayiti imene tikumanga ku Chatoloma, gumboot ndi helmet ndamupezera kale, ayambira kuyeza maziko ndi kuwerenga matumba a simenti limodzi ndi folomani.