Sitolo yaikulu yotchipitsa katundu: chimene chimaiimika kuno ku Tete ndi chimene chimaigwedeza

Munthu akalowa m'sitolo yaikulu mumzinda wa Tete n'kupeza botolo la mafuta ophikira lotsika mtengo kuposa la pa baraka ya kwawo, amaganiza kuti eni sitoloyo ndalama zawachulukira moti phindu sakulisamala. Si choncho ayi. Sitolo zotere zimadya pang'ono pa chinthu chimodzi koma zimadya kawirikawiri, ndipo moyo wake wonse wagona pa liwiro limene katundu amachoka nalo pa shelefu.

Tiwerengere limodzi, mongoyerekeza. Wa baraka ku Ulongwe aode katundu wa mametikali 100 n'kuikapo 30, katunduyo azitha pa miyezi iwiri. Pa chaka ndalama yake yazungulira kasanu ndi kamodzi, phindu 180. Sitolo yaikulu iikepo 10 yokha, koma katundu azitha pa milungu iwiri: pa chaka yazungulira ka 26, phindu 260. Tsono ogula achepe, katundu yemweyo ayambe kutha pa mwezi wathunthu. Phindu latsikira pa 120, pomwe lendi, malipiro a antchito ndi magetsi a mafiriji sizinatsike ndi khobidi lomwe. Mphamvu ya sitolo yaikulu ndi kufooka kwake zonse zili m'masamu amenewa.

Amene anaikulitsa njirayi ndi Sam Walton, yemwe anatsegula Walmart yoyamba mu 1962 ku Rogers, m'chigawo cha Arkansas ku America. Lero Walmart imagulitsa katundu woposa madola 600 biliyoni pa chaka, koma pa madola 100 alionse olowa pa tilu, otsala akachotsa zonse ndi awiri kapena atatu basi. Kuno kwathu njirayi tinaidziwira kwa Shoprite ya ku South Africa, yomwe inayamba mu 1979, inafika ku Maputo mu 1997, ndipo pambuyo pake inadzatsegulanso kuno ku Tete.

Mtengo wotsikawo umayambira ku fakitale. Wooda mathiraki makumi a shuga nthawi imodzi salankhula ngati wooda mabelo asanu; amatchula yekha mtengo, ndipo amalipira pakatha masiku 30 kapena 60. Apa m'pamene anthu ambiri saona. Shuga akafika pa 1 n'kutha pa 14, ndalama ya ogula imakhala m'manja mwa sitolo milungu ingapo tsiku lolipira fakitale lisanakwane. Ndiye kuti ikuchita malonda ndi mpamba wa eni katundu, pamene wa baraka amalipira kashi asananyamule ndi katoni yomwe. Onjezanipo tilu: chinthu chilichonse chikadutsa pa makina, kompyuta imachichotsa m'kaundula, ndipo woitanitsa katundu amadziwa tsiku lomwelo kuti sopo wakuti watsala makatoni angati, popanda kukawerenga kunkhokwe.

Palinso nyambo. Ufa, mpunga, mafuta, shuga ndi nkhuku ya m'firiji ndi zinthu zimene mayi aliyense amadziwa mtengo wake pamtima, choncho zimatsitsidwa mpaka phindu kutsala pang'ono kutheratu, makamaka kumapeto kwa mwezi anthu akalandira. Phindu lenileni lili pa zimene mtengo wake simuusunga m'mutu: mabisiketi, mafuta odzola, zidebe za pulasitiki, buledi ndi chakudya chophikaphika. N'chifukwa chake ufa umaikidwa kumbuyo kwenikweni, kuti poufuna mudutse mashelefu onsewo, ndipo maswiti amakudikirani pa tilu pomwe mwana watopa ndi mzere.

Zonsezi zimayenda bwino pamene nkhokwe yaikulu ili pafupi ndi sitolo zambiri, thiraki imodzi n'kutsitsa katundu m'malo asanu tsiku limodzi. Tete sali choncho. Kuchokera ku doko la Beira ndi makilomita pafupifupi 600, kuchokera ku Maputo ndi oposa 1,500, ndipo wochokera ku Johannesburg kudzera ku Zimbabwe ayenera kuima pa Beitbridge n'kudzaimanso pa Nyamapanda ndi Cuchamano. Tsiku lililonse limene thiraki yagona pachipata limachotsedwa pa masiku a yogati. Zoziziritsa zimafuna madigiri a pakati pa 0 ndi 5, zoumitsa zimafuna 18 pansi pa ziro, ndiye ganizirani mu Okutobala ndi Novembala pamene mumzinda wa Tete kutentha kumapyola 40. Makina oziziritsa pa thiraki amamwa dizilo wake, ndipo akazima maola angapo nkhuku imasungunuka pamwamba. Ikaumanso, madzi ofiira amaundana m'pepala, wogula wochenjera n'kuibwezera pansi. Magetsi akathima m'sitolo momwe, jenereta iyenera kudzuka mphindi zochepa. (Inde, Cahora Bassa ali pomwepa ku Songo, koma woyendetsa mafiriji amene angadalire zimenezo n'kusiya kugula dizilo sakhalitsa pa ntchito.)

Msewu nawo umatsekeka. Mu 2016 magalimoto a pa msewu wa EN7 ankayenda moperekezedwa ndi asilikali pakati pa Vanduzi ndi mtsinje wa Luenha. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mlatho wa pa Revúbuè wolumikiza Tete ndi Moatize. Zisankho za pa 9 Okutobala 2024 zitadutsa, zionetsero zinatseka misewu ndipo sitolo zambiri m'dziko muno zinaswedwa. Baraka ikatseka sabata imodzi mwini wake amangosowa ya ndiwo. Sitolo yaikulu ikatseka sabata imodzi imataya zonse za m'firiji ndi malipiro a anthu ambirimbiri.

Koma chimene chagwetsa sitolo zambiri zakunja mu Africa muno si msewu, ndi ndalama. Katundu wagulidwa m'marandi kapena m'madola, akugulitsidwa m'mametikali. Yerekezani katoni ya marandi 100 pamene randi ili pa 3.5: yalowa pa 350, yagulitsidwa pa 385. Metikali igwe, randi ikwere ndi 15 pa 100 musanaitanitse ina, katoni yomweyo ikufuna 402. Mwagulitsa zonse, mashelefu ali mbee, koma ndalama yobwezera katundu yemweyo siikukwana. Izi zinachitikadi mu 2016, ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni zitaululika: dola imene inali cha m'ma 45 kumapeto kwa 2015 inayandikira 80 chaka chisanathe. Lendi ya m'misika yamakono nayo nthawi zambiri imawerengedwa m'madola. Mukaona Shoprite ikuchoka ku Kenya, Nigeria, Uganda ndi Madagascar cha m'ma 2020 ndi 2021, kenako mu 2025 n'kulengeza zogulitsa sitolo zake za ku Ghana ndi ku Malawi, musafunefune chifukwa patali. Choppies ya ku Botswana inayesa kuno ku Mozambique n'kubwerera. Ngakhale Walmart yomwe, ndi ukulu wake wonse, inasiya Germany ndi South Korea mu 2006.

Ogula a sitolo yaikulu kuno ndi ochepa kuposa mmene khamu la m'misewu limaonetsera. Ndi olandira pamwezi: a m'boma, aphunzitsi, a ku migodi ya malasha ku Moatize, a ku fakitale ya fodya, ndi makontrakitala owazungulira. Kampani ya Vale itayamba kukumba malasha mu 2011 mzinda unadzaza, nyumba zinakwera mtengo, aliyense n'kuona ngati zikhala choncho mpaka kale. Patangopita zaka zitatu Rio Tinto inagulitsa mgodi wa Benga pa madola 50 miliyoni okha, ndipo mu 2022 Vale inasiyira Vulcan. Mtengo wa malasha ukagwa kunja, tilu ya ku Tete imamva miyezi ingapo pambuyo pake.

Mdani weniweni, mwa kuona kwanga, si sitolo ina yaikulu. Ndi mayi wa pamsika wa Kwachena ndi mnyamata wa baraka. Wopeza ndalama tsiku ndi tsiku sagula malita asanu a mafuta ngakhale akudziwa kuti pa lita n'ngotchipa. Amagula a m'kapepala okwanira ndiwo za lero, mulu wa tomato, kachidutswa ka sopo. Wa baraka amalemba ngongole m'kope mpaka pa 30, amatsegula mpaka usiku, ndipo ali pakhomo. Wochokera ku Matundo kapena ku Moatize akawerengera shapa kupita ndi kubwerera, zomwe wapulumutsa pa shuga zathera pa msewu. Kwa a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga nkhaniyo ndiye palibe n'komwe: chimanga chili m'nkhokwe, nyemba ndi kachewere n'zakumunda, ndipo ndalama yochuluka imabwera kamodzi pa chaka, pokolola ndi pogulitsa fodya. Pamwamba pa izo pali katundu wolowera njira zachidule m'malire a Zóbuè ndi Calómuè. Sitolo yaikulu imadula lisiti pa chilichonse, msonkho wa pa malonda wa IVA wa 16 pa 100 uli momwemo pa katundu wokhoma msonkho, ndipo a INAE, oyendera malonda a boma, akabwera amafuna madeti ndi zolemba za Chipwitikizi pa paketi. Wozembetsa alibe zonsezo pa mtengo wake.

Mpata ulipo, ndipo uli kumtunda kwathu konkuno. Kachewere, kabichi, anyezi ndi nyemba za ku Angónia ndi Tsangano, kapenta wa ku Cahora Bassa, mbuzi za ku Changara: zonsezi zimagulidwa m'mametikali ndipo sizidikira pachipata chilichonse. Chilichonse chogulidwa kuno n'chochotsedwa pa vuto la dola lija. Chovuta n'chakuti sitolo ndi mlimi amafuna zosiyana. Sitolo imafuna makilo omwewo sabata iliyonse chaka chonse, kachewere wosankhidwa msinkhu umodzi, wouma, wosakhadzulidwa ndi khasu, wofika m'makreti m'mamawa. Imafuna NUIT (nambala ya msonkho), fakitura ndi akaunti ya ku banki, kenako n'kulipira patapita masiku. Mlimi ali ndi matumba 40 lero, mwezi wa mawa alibe, ndipo venda waima pamunda ndi kashi m'manja. Mgwirizano umafera pamenepo: mtengo wa pamsika ukakwera mlimi amagulitsa kwina, katundu akachuluka sitolo imabweza theka ati n'ngosakwana msinkhu. Zimatheka pokhapokha alimi ali pagulu la anthu 20 kapena 30 obzala mosinthana milungu, ena a kudimba kuti chilimwe chisadutse chopanda kanthu, pali shedi imodzi yosankhira, ndipo sitolo yavomera kulipira pasanathe sabata, ngakhale pa M-Pesa kapena e-Mola. Mtengo uziunikidwa mwezi ndi mwezi, osati kukhomereredwa chaka chonse.

Mpata wina ndi kuchepetsa thupi. Shoprite yomweyo ili ndi mtundu wa sitolo zing'onozing'ono zotchedwa Usave, zosunga mitundu yochepa ya katundu wothamanga. Ku Ulongwe kapena ku Furancungo nyumba yodzaza mafiriji singadzilipire, koma chipinda chokhala ndi ufa, mafuta, shuga, mchere, sopo ndi makope, m'mapaketi aang'ono, chikhoza. Ndipo eni baraka, m'malo mowaona ngati adani, akhoza kukhala ogula aakulu: ambiri amaoda kale pa tilu pomwepo mtengo ukatsitsidwa, mpaka sitolo kulemba kuti munthu mmodzi asapyole mabotolo akutiakuti.

Wofuna kudziwa ngati sitolo yaikulu ikupuma bwino asayang'ane chikwangwani cha mitengo, ayang'ane shelefu. Sunthani botolo lakutsogolo muone ngati kumbuyo kuli ena, chifukwa katundu akachepa antchito amakokera otsalawo kutsogolo mzere umodzi kuti pasaoneke mpata. Onani ngati mtundu umodzi wa sopo watambasulidwa malo amene kale panali mitundu inayi. Tembenuzani yogati muwerenge deti: ngati zonse zatsala ndi masiku atatu kapena anayi, thirakiyo inagona panjira. Ndipo firiji imodzi ikazimitsidwa n'kuikamo makatoni a zakumwa zosazizira, funsani wa pa tilu kuti yakhala choncho kuyambira liti.