Dziwe la amayi ku London ndi kope lathu la maliro ku Harare

Mwana wa achemwali anga, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku London, ananditumizira chithunzi pa WhatsApp mwezi wa Januwale, ndipo ndinachiyang'ana nthawi yaitali ndisanamvetse chimene ndinkaona. Anali ataima m'mphepete mwa dziwe la madzi obiriwira, atavala chovala chosambirira ndi chipewa chaubweya, kumbuyo kwake kuli mitengo yoyoyoka masamba, ndipo pa bolodi lakuda panali nambala 4 yolembedwa ndi choko, kutanthauza kuti madziwo anali pa madigiri 4 okha. Nditamufunsa ngati kuzizira kwa kumeneko kwamusokoneza mutu, anaseka nati, "Amayi aang'ono, kuno kuli agogo a imvi mbuu amene amalowa m'madzi amenewa tsiku ndi tsiku, ndipo ndi iwo amene anandilimbitsa mtima tsiku loyamba."

Dziwelo limatchedwa Kenwood Ladies' Pond, ndipo lili m'thengo lalikulu la Hampstead Heath, kumpoto kwa mzinda wa London. M'thengomo muli maiwe atatu osambiramo, lina la amayi, lina la abambo, ndi lina la onse pamodzi. Maiwe a kumeneko anapangidwa m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 potchinga timitsinje kuti mzinda uzipeza madzi, ndipo kusambira kunabwera pambuyo pake. La amayi linatsegulidwa chapakati pa zaka za m'ma 1920. Mulibe simenti pansi, mulibe mankhwala oyeretsera madzi, munthu saona mapazi ake, ndipo amasambira limodzi ndi abakha. La amayi ndi la abambo amakhala otsegula chaka chonse, ngakhale masiku amene pamwamba pa madzi pamaundana.

Chimene chinandikoka mtima si kulimba kwa khungu lawo ayi, koma bungwe lawo. Amayi osambira kumeneko ali ndi bungwe lotchedwa Kenwood Ladies' Pond Association, limene linakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo dziwelo si lawo, popeza amene akhala akuyendetsa thengolo kuyambira mu 1989 ndi khonsolo yotchedwa City of London Corporation. Bungwelo lili ndi komiti yosankhidwa, limachita msonkhano waukulu chaka ndi chaka, limalembera mamembala ake nkhani za padziwe, ndipo pa tsiku loyamba la chaka amayi amasonkhana kuti alowe m'madzi pamodzi kenako n'kumwa zotentha ali njenjenje. Mwana wa achemwaliyu amati m'chipinda chovalira simudziwika kuti loya ndi uti, wosesa ndi uti, chifukwa onse amakhala akulimbana ndi zala zokanika kumanga mabatani, ndipo amene wasowa masiku angapo amafunsidwa kuti anali kuti.

Kudziwana kumeneku ndiko kunawathandiza pamene zinthu zinavuta. Mu 2004 oyendetsa thengo anayamba kunena zotseka maiwe chifukwa cha ndalama zimene ankawononga komanso nkhawa ya ngozi, ndipo osambira a maiwe onse atatu anadzuka n'kukana. Mu 2005 khoti lalikulu linagamula mokomera gulu la Hampstead Heath Winter Swimming Club, limene linkafuna kusambira m'mamawa popanda alonda opulumutsa anthu, ndipo maganizo a chigamulocho anali akuti munthu wamkulu amene wasankha yekha kulowa m'madzi akudziwa kuopsa kwake sangachititse kuti eni malo aimbidwe mlandu chifukwa chongomulola. Maiwe sanatsekedwe. M'malo mwake kunabwera ndalama yolowera ya mapaundi 2, imene munthu ankapereka mwa kufuna kwake, mpaka mu 2020 pamene anaikweza kufika pa mapaundi 4 n'kuichititsa kukhala yokakamiza. Bungwe la amayi linatsutsa zimenezi, linathandiza mayi wina wolumala kukasuma kukhoti ponena kuti mtengowo ukupondereza olumala, ndipo mu 2022 mlanduwo unawakanika.

Ndivomere kuti pa nkhani ya ndalamayi poyamba ndinali kumbali ya oyendetsa malo, chifukwa mlonda wopulumutsa anthu nayenso ali ndi ana ofuna kudya, ndipo ife a ku Harare tikudziwa bwino mmene chinthu chaulere chimathera ngati palibe wochisamala. Koma mwanayu anandiyankha mawu amene sindinawaiwale. Iye anati mtengo ukakwera, amene amasiya kubwera sachita phokoso, amangosowa mwakachetechete, ndipo pakapanda bungwe lowadziwa mayina, palibe angazindikire kuti asowa.

Ine ndinabadwira ku Highfield, muno mu Harare, ndipo bambo anga anachokera ku Nkhotakota nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pamene anyamata ambiri ankatsikira ku Salisbury, Harare wa lero, kudzafuna ntchito. Iwo anakulira m'mphepete mwa nyanja, ankapalasa bwato ali mwana, ndipo ankatiuza kuti kwawo mwana amaphunzira kusambira asanadziwe kuwerenga. Komabe mwa ana awo onse panalibe ngakhale mmodzi amene anamuphunzitsa, chifukwa kunalibe nyanja yoti atiphunzitsiremo, ndipo za madzi tinkangomva zoopsa zokhazokha: likodzo, ng'ona, ndi njuzu zimene anzathu Achishona ankati zimakoka ana m'maiwe. Ndinadzaphunzira kusambira ndili kale ndi zidzukulu, dokotala atandiuza kuti mawondo anga akufuna kulimbitsa thupi kosapondetsa pansi, ndipo tsiku loyamba ndinagwira khoma la dziwe ngati mwana wogwira chitenje cha amake pamsika wa Mbare. Dziko lino la Zimbabwe ndi kwawo kwa katswiri wosambira Kirsty Coventry, amene anapata mamendulo 7 pa masewera a Olimpiki ndipo mu 2025 anasankhidwa kukhala pulezidenti wa komiti ya masewerawo padziko lonse, koma mumsewu wathu ana odziwa kuyandama pamadzi ndikhoza kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi.

Sitingatengere za ku London monga zilili, chifukwa madzi athu apanja ali ndi mavuto ena. Damu la Chivero, limene linamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, lili kumunsi kwa mzinda wa Harare, kotero kuti zonyansa zotuluka m'nyumba ndi m'mafakitale zimatsikira m'madzi omwewo amene amapopedwa kubwerera m'mipope yathu. Namasupuni amakula mosangalala m'madzi oterowo, ndipo mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi a m'damumo amene anali ndi ndere zapoizoni, mpaka usodzi unaletsedwa. Amene tinaona kolera ya 2008 ndi 2009, imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno ndipo inasautsa kwambiri ku Budiriro ndi Glen View, sitingauze mwana kuti akadumphire mumtsinje wa Mukuvisi. Choncho kwa ife dziwe lapanja ndi lija la simenti lopanda denga, longa la Les Brown pafupi ndi Harare Gardens kapena la George Hartley ku Mbare.

Vuto ndi lakuti ana sadikira kuti akuluakulu akonze madzi. Mvula ikayamba mu Novembala, maenje a okumba mchenga ndi oumba njerwa amadzaza, ndipo dzuwa likatentha ana amavula malaya n'kulowamo, osadziwa kuti dzenje lokumbidwa ndi fosholo lilibe gombe lotsika pang'onopang'ono ngati la nyanja, koma limangophompha nthawi imodzi. Ku Epworth kuli dziwe la pamalo okumbapo miyala limene anthu analipatsa dzina lakuti dziwe la imfa. Ife a mabanja ochokera ku Malawi, amene ambiri tikukhala m'madera ngati Epworth, Dzivarasekwa, Mufakose ndi Mabvuku, tili pafupi kwambiri ndi maenje amenewa.

Dzinja lapitali tinaika mdzukulu wa mmodzi wa mamembala a bungwe lathu la maliro, mnyamata wa kupulaimale amene anamira m'dzenje lotere masana a Loweruka anzake akuona. Bungwe lathu linagwira ntchito yake mosalakwitsa, monga momwe lakhala likuchitira kuyambira nthawi ya makolo athu, amene anayambitsa mabungwe oterewa poopa kuikidwa ngati nyama kudziko lachilendo. Dzuwa lisanalowe msungichuma anali atatsegula kope, bokosi linali litalipiridwa, basi yopita kumanda inali itapezeka, ufa, kabichi ndi nkhuni zinali pabwalo, ndipo amayi tinachezera kuimba m'siwa mpaka tambala woyamba. Ndili pakati pa nyimbo ndinakumbukira chithunzi chija cha ku London, ndipo ndinachita manyazi poona kuti ife tili ndi luso lonse limene amayi aja ali nalo, la komiti, la kope, la kusonkha mwezi ndi mwezi ndi la kudziwana mayina, koma lonse tinalisungira tsiku limene mwana wamira kale.

Tili ndi kagulu kathu ka osambira, kopanda dzina, ka amayi ochepa ndi abambo awiri amene tinadziwana kutchalitchi cha CCAP. Timakumana Loweruka m'mawa nyengo yotentha, ndipo tikatuluka m'madzi timakhala pa udzu kumwa tiyi wa m'fulasiki ndi mbatata, kukamba Chichewa chathu chosakanikirana ndi Chishona, chimene abale a ku Lilongwe amachiseka tikapita kumudzi. Dziwe limene tinkapitako linatsekedwa kwa miyezi yambiri pampu itawonongeka, madzi anasanduka obiriwira, achule n'kutenga malo. Tinalemba kalata ku ofesi yoyenera, sitinayankhidwe; tinapitako tokha, ndipo bambo amene tinawapeza anatifunsa mwaulemu ndithu kuti osambirawo tilipo angati ndiponso umboni wake uli kuti. Tinayang'anana, chifukwa tinalibe chilichonse cholembedwa, ndipo pamaso pa ofesi tinali amayi anayi odandaula basi.

Kuyambira pamenepo tinagula kope. Loweruka lililonse, kulikonse kumene tasambira, timalemba tsiku, mayina a amene abwera, ana amene tawatenga, ndalama imene talipira pakhomo, ndi maonekedwe a madzi. Tinasonkhanitsanso mayina a makolo a m'dera lathu amene akufuna kuti ana awo aphunzire, ndipo kalata yathu yachitatu inapita ndi masamba ambiri a masiginecha kumbuyo kwake. Sindinganene kuti kalatayo ndiyo inakonzetsa pampu, koma ulendo wotsatira anatipatsa mipando n'kutiuza tsiku loti tidzabwerenso.

Njira imeneyi si yachilendo mumzinda uno. Anthu okhala ku Monavale akhala akuteteza dambo lawo kwa zaka zambiri kudzera m'bungwe la Conservation Society of Monavale, polemba mbalame zimene zimaoneka m'dambomo ndi potsutsa ofuna kumangamo nyumba, ndipo mu 2013 dambolo linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, limodzi ndi damu la Cleveland, kumene Mukuvisi amayambira, komanso Chivero ndi Manyame. Madambo amenewa ndiwo amasefa madzi asanafike m'mitsinje, ndipo amene amamanga nyumba m'menemo amadzazindikira mu Januwale kuti madzi saiwala khwawa. Kale ndinkaona ngati nkhani ya madambo ndi ya anthu a ku mayadi oyenda ndi magalasi oonera mbalame, koma tsopano ndimaiona kuti ndi nkhani yomweyi ya madzi amene zidzukulu zathu zimamwa ndi kusewereramo.

Chovuta kwambiri chinali kukaitula nkhaniyi ku bungwe lathu la maliro. Pa msonkhano wa mwezi ndinapempha mwayi kwa a wapampando, ndinaimirira, ndipo ndinapempha kuti pa zosonkha zathu tiwonjezerepo dola imodzi, yolembedwa m'kope lina, yolipirira ana a mamembala pakhomo la dziwe ndi kuthokozera mphunzitsi wosambira. Agogo ena aamuna, amene analowa m'bungweli ine ndisanabadwe, anagwedeza mutu nati, "Mayi, bungwe lino analiyambitsa makolo kuti lizitiika m'manda mwaulemu, osati kuti lizisambitsa ana. Mukasakaniza ndalama za maliro ndi za masewera, tsiku lina tidzasowa bokosi." Sindinawaone ngati olakwa, chifukwa iwo anaona ndalama za anthu zikusungunuka mu 2008, ndipo kuopa kwawo kuli ndi maziko. Ena anadandaula za atsikana kuvala zosambirira pamaso pa amuna, ndipo apa ndinawafotokozera za dziwe la amayi okhaokha la ku London, n'kunena kuti ifenso tikhoza kupempha ola la atsikana okha, ndi kuti kabudula wofika m'mawondo ndi sikipa n'zokwanira kuphunziriramo.

Amene anathetsa mkangano ndi agogo aakazi a mnyamata womira uja, amene anali asanalankhulepo pagulu chiikireni maliro. Iwo sanaimirire, anangomasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo, natulutsa dola yopindapinda, n'kuiika patebulo pamaso pa msungichuma, nati alembe dzina la mlongo wake wa malemuyo, amene ali ndi zaka 9. Msonkhano unagwirizana kuti dolayo ikhale ya ofuna okha, kuti makope awiriwo asakhale m'manja mwa munthu mmodzi, ndi kuti tidzaonenso mmene zayendera nyengo yozizira ikafika, pamene kusambira kumaima. Agogo aamuna aja sanasonkhe, koma potuluka anandiitanira pambali n'kundifunsa ngati mdzukulu wa munthu wosasonkha angaloledwe kubwera, ndipo ndinawauza kuti minibasi imanyamuka pa tchalitchi 7 koloko m'mawa Loweruka, abwere ndi thaulo lake.