Ma monitor osayaka pa dock ya laputopu ya Linux

Anzanga a Linux, nkhani ya dock iyi, kachipangizo kolumikizira ma monitor, mouse ndi kiyibodi ku laputopu, imandikhudza kwambiri. Walumikiza bwinobwino, mouse ikugwira, kiyibodi ikugwira, intaneti ya waya yabwera, koma ma monitor angoti bii. Musathamangire kunena kuti dock yafa ayi.

Yambani mwadziwa kuti dock yanu ndi yamtundu wanji. Lembani lsusb mu terminal, mukaona dzina loti DisplayLink ndiye kuti ikufuna driver yakeyake pamodzi ndi module ya evdi (kachigawo kowonjezera ku kernel, womwe ndi mtima wa Linux), ndipo apa ndi pomwe ambiri timakakamira chifukwa Secure Boot (chitetezo chapoyatsa kompyuta) ikakhala yoyatsa kernel imakana module yosasainidwa, ndiye pamafunika kulembetsa kiyi ya MOK (kiyi yosainira module-yo kuti ivomerezedwe), muzimitse ndi kuyatsanso kompyuta, pa sikirini ya buluu imene ibwere poyatsanso musankhe Enroll MOK muike pasiwedi imene munaika polembetsa kiyiyo, basi chithunzi chibwera.

Dock ikakhala ya Thunderbolt lembani boltctl list mu terminal muone ngati laputopu yailola.

Ineyo ndimakonda dock yodutsitsa chithunzi pa USB-C ndi DisplayPort Alt Mode, kernel ikasintha sudandaula za driver. Kungoti si USB-C iliyonse pa laputopu imatulutsa chithunzi, fufuzani kaye musanagule.