Lachitatu ku Dedza: mafupa ofewa ndi kachotupa ka kuphazi

Kwacha ndi chifunga, phiri silikuoneka n'komwe, odwala pabenchi afunda zitenje mpaka kumutu. Oyamba kulowa anali mayi a zaka 43, mlimi wa kachewere wa cha ku Bembeke, mchemwali wawo atawagwirizira m'khwapa.

"Mayi, tadzukani pampandopo, koma musagwire m'mawondo."

"Adokotala, zimenezo ndinasiya kalekale. Miyendoyi si yanganso."

Anadzuka mokankha ntchafu ndi manja, ndipo poyenda ankapendekera uku ndi uku ngati bakha. Kabuku kawo ka kuchipatala ndi kachitatu, tsamba lililonse ndi panado, bufeni, indosidi, matenda n'kulembedwa kuti nyamakazi. Kumsana kwadzaza mphini. Zaka zinayi akumva kuwawa m'chiuno, m'nthiti ndi m'mapazi, koma palibe paliponse m'mabuku atatuwo pamene panayezedwa phosphate, mchere wa m'magazi umene umalimbitsa mafupa. Zimenezi zimatipweteka mtima, chifukwa kuyezako n'kotchipa, kungoti sikukhala m'gulu la zoyeza za masiku onse. Ukapanda kulemba wekha pafomu, a ku labu sakuyezera.

Zotsatira za zimene tinawayeza mayiwa sabata yatha zafika cha m'ma 9 koloko. Phosphate m'magazi ndi 0.45 mmol/L, pamene munthu wamkulu amayenera kukhala pakati pa 0.8 ndi 1.5. Calcium ali bwinobwino, creatinine, woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, ali bwino, alkaline phosphatase, amene amakwera mafupa akadwala, wakwera. Pa x-ray ya chiuno pali timizere todutsa fupa mopingasa, kukhosi kwa fupa la ntchafu ndi pa fupa la chinena. Timizereti timatchedwa Looser zones, ndi ming'alu ya fupa lofewa limene likulephera kunyamula mwini wake.

Magazi amenewa ali ndi mwambo wake, ndipo ambiri amaphonya apa. Atengedwe m'mawa munthu asanadye, apite ku labu msanga, madzi ake alekanitsidwe pasanathe ola limodzi kapena awiri. Akachezera m'bokosi kudikira njinga yamoto, kapena akasweka potenga, phosphate wa m'kati mwa maselo ofiira amatulukira kunja, nambala n'kukwera. Wodwala weniweni n'kuoneka ngati walunga. Botolo la chivindikiro chapepo, la EDTA lija, siliyenera pa calcium ndi alkaline phosphatase, limagwetsa zonse ziwiri.

Phosphate akachepa, funso ndi lakuti akupita kuti. Impso zabwino zikaona kuti wachepa m'magazi zimamugwira zolimba. Ndiye tinayezanso mkodzo wachiwiri wa m'mawa, nthawi imodzi ndi magazi: phosphate 15 mmol/L, creatinine 6 mmol/L, pamene creatinine wa m'magazi ndi 0.06 mmol/L. Chulukitsani 15 ndi 0.06, mugawe ndi zimene mwapeza pochulukitsa 0.45 ndi 6. Mupeza 0.33, ndilo gawo la phosphate limene likutayika mumkodzo, kutanthauza kuti impso zikubweza m'magazi 67 peresenti yokha. Zimayenera kubweza 85 kapena kuposa, makamaka magazi akakhala osowa chotere. Cholakwika chofala ndi kusiya creatinine wa magazi mu µmol pamene wa mkodzo ali mu mmol, yankho limabwera lopanda mutu. Kwa mayiwa nkhani yaoneka poyera, chidebe chikudontha ku impso.

Kuno kwathu, munthu akamataya phosphate chotere, choyamba kufunsa ndi ma ARV. Tenofovir amene ali mu piritsi la ARV lotchedwa TLD amatha kuwononga timachubu ta impso, mafupa n'kufewa mofananamo. Chizindikiro chake chimaoneka pa kapepala koviika mumkodzo: shuga ndi protein zimapezeka mumkodzo pamene shuga wa m'magazi ali bwino. Mayiwa alibe HIV, mkodzo wawo ndi woyera. Sanabayidwepo mankhwala a ayironi a m'mitsempha, ferric carboxymaltose, amenenso amagwetsa phosphate. Kubanja kwawo kulibe wa miyendo yamatewe kapena wamfupi modabwitsa, ndipo iwo anakula bwino, pamene kufewa kwa mafupa kotengera kumakolo nthawi zambiri kumayamba paubwana. Zikatsala apa, maganizo amapita ku tumour-induced osteomalacia, mwachidule TIO, ndiko kufewa kwa mafupa koyambitsidwa ndi chotupa.

Matendawa ndi osowa. Robert McCance analemba za wodwala woyamba mu 1947, Andrea Prader ndi anzake n'kuzindikira mu 1959 kuti gwero ndi chotupa. Kachotupako nthawi zambiri si khansa, kamakula pang'onopang'ono, koma kamatulutsa homoni yotchedwa FGF23 yochuluka. Homoniyo imauza impso kuti zitaye phosphate, n'kuletsanso impso zomwezo kusandutsa vitamini D kukhala wogwira ntchito. Fupa limakhala ngati njerwa zosaotcha, maonekedwe alipo koma mphamvu palibe. N'chifukwa chake vitamini D wamba wa mufamase sathandiza, ngakhale kuothera dzuwa tsiku lonse.

Masana tinatseka chitseko, namwino ali pomwepo, n'kuyamba kufufuza ndi manja kuchokera kumutu mpaka kuphazi. Ntchito imeneyi sifuna changu. Tochi m'kamwa kuona nkhama ndi nsagwada, kufunsa za mphuno yotsekeka mbali imodzi kapena kamfuno, kenako m'khwapa, m'mphechepeche, m'matako, kuseri kwa mawondo, pakati pa zala. Zotupazi zimakonda miyendo ndi mutu. Pansi pa phazi lamanzere, pafupi ndi chidendene, chala chinagunda kanthu kolimba, kukula ngati nzama, kosapweteka.

"Aka kanayamba liti, mayi?"

"Iii, n'kakale ako. Ndinkati ndi pamene unandibaya munga kudimba."

Mtima umafuna kukatenga mpeni nthawi yomweyo, koma ayi. Si chotupa chilichonse chimene chili cholakwa, ena ali ndi timafuta tosalakwa pamene mwini mlandu wabisala m'fupa la ntchafu. Ndipo kukadula mwachidule, kapena kukaboola ndi singano, kumasiya kapena kumwaza maselo, matenda n'kubwerera, opaleshoni yachiwiri n'kukhala yovuta kuposa yoyamba. Choyenera ndi kutumiza magazi a FGF23 ataumitsidwa mufiriji, asanayambe mankhwala, ndi kujambula phazilo pa MRI. FGF23 akabwera wokwera, ngakhale wapakatikati pamene phosphate ali pansi chotere, ndi umboni. Kwa amene chotupa sichikupezeka ndi manja, chojambulira chabwino koposa ndi PET/CT ya gallium-68 DOTATATE, yopezeka ku South Africa ndi ku India. Wolemba kalata anene momveka kuti ajambule kuyambira paliwombo mpaka kunsonga za zala, manja omwe, chifukwa kajambulidwe ka masiku onse kamathera m'ntchafu. Kachotupa ngati ka mayiwa kangatsale kunja kwa chithunzi.

Kalata talembera madokotala a mafupa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Tapempha kuti akadzachotsa, achotse chonse pamodzi ndi mnofu wabwino wozungulira, ndipo chikayezedwe ku labu. Chikachoka chonse, FGF23 amatsika m'maola ochepa, theka lake limatha pafupifupi ola limodzi, ndipo phosphate amabwerera m'malo mwake kawirikawiri pasanathe masiku 5. Masiku oyambawo calcium amafunika kumuyang'anira, chifukwa mafupa anjala amamukoka m'magazi, munthu n'kuyamba dzanzi pamilomo ndi kukokana kwa zala. Mafupa okha amatenga miyezi, mwina chaka, kuti alimbe.

Podikira, mankhwala ndi awiri ndipo amayendera limodzi. Phosphate wakumwa, galamu 1 mpaka 3 pa tsiku, wogawidwa kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi, kuyamba ndi wochepa chifukwa amatsegula m'mimba. Kumwa yense kamodzi n'kutaya, impso zimamutulutsa m'maola ochepa. Asamwere limodzi ndi mkaka kapena mankhwala a chilungulira. Mnzake ndi calcitriol, amene ndi vitamini D wogwira ntchito kale, kuyambira 0.25 microgram kawiri pa tsiku, kapena alfacalcidol. Phosphate payekha amadzutsa tizigawo ta m'khosi totchedwa parathyroid, totulutsa homoni ya PTH, mpaka timakana kugona, pamene calcitriol akachuluka calcium amadzaza mumkodzo n'kuunjikana mu impso. Choncho miyezi itatu iliyonse tiyeze calcium, creatinine, PTH ndi calcium wa mumkodzo. Sitithamangitsa nambala yapamwamba, kungofika m'munsi mwa muyezo ululu n'kuchepa, basi. Kuli jakisoni wa burosumab amene America inavomereza pa TIO mu 2020, wa amene chotupa chawo chasowa kapena sichingachotsedwe, koma mtengo wake ndi wosayamba, ndipo saphatikizidwa ndi awiri aja.

Madzulo tinakhala pansi ndi gadiyani. Bufeni ndi indosidi asiye, impso zipume. Ndodo ziwiri zoyendera, asasenze ndowa kapena thumba la kachewere, kabaza wa m'mabampu ayi, chifukwa mng'alu wa m'chiuno uja ukhoza kuthyokeratu.

"Ndiye kanthu kakang'ono aka ndi kamene kagwetsa achemwali anga?"

Tinawayankha kuti tikukakayikira kwambiri, MRI ndi magazi ndi zimene zitsimikize. Magazi a FGF23 titenga mawa 7 koloko asanadye, ndipo ambulansi ya ku Lilongwe inyamuka Lachisanu m'mamawa.