Za kukonzanso Magnum P.I.

Pamene wailesi ya kanema ya CBS inabweretsanso sewero la Magnum P.I., lonena za wofufuza milandu wotchedwa Magnum, mu 2018, ambiri amene tinakula tikuonera Tom Selleck akusewera ngati Magnum pakati pa 1980 ndi 1988 tinadandaula, ndipo ena anakana ngakhale kuyesa kuonera chifukwa Jay Hernandez, Magnum watsopanoyo, analibe ndevu zapamlomo zija za Selleck. Mkangano waukulu unali pa Higgins, woyang'anira nyumba yomwe Magnum amakhala m'seweroli, yemwe kale anali bambo wachikulire wokonda mwambo, koma tsopano anasandutsidwa mayi wachitsikana. Ineyo kusinthako sikunandipweteke, popeza Perdita Weeks anaugwira bwino udindowo. Chimene ndimachisowa mpaka lero ndi kudekha kwa sewero lakale, momwe wofufuza milandu ankasinkhasinkha, kulakwitsa, kenaka kupeza choonadi pang'onopang'ono, pamene latsopanoli linadzaza ndi kulira kwa mfuti ndi kuthamangitsana kwa magalimoto.

Komabe ndiyenera kuvomereza kuti linapeza eni ake. CBS italisiya mu 2022, oonera atsopanowo anafuula kwambiri pa intaneti, ndipo wailesi ina ya kanema ya NBC inalitenga n'kulipitiriza kufikira mu 2024, chinthu chimene ife odandaula aja sitinkachiyembekezera.