RX 580 yanga ndi dzuwa la Okutobala

Ino ndi sabata yachitatu ndikulimbana ndi khadi ya graphics (chipangizo chimene chimajambula zithunzi za pa sikirini ya kompyuta) imene ndinagula yogwirapo kale ntchito, RX 580 ya 8GB. Makadi amenewa anatuluka mu 2017, ndipo anachuluka pamsika Ethereum, ndalama ya pa intaneti, itasiya kukumbidwa ndi makadi mu Seputembala 2022, choncho sindikayika kuti yangayi inavutikapo usana ndi usiku isanafike kwa ine. Nditangoimanga ndinatsegula GPU-Z, pulogalamu yoonetsa za m'kati mwa khadi, kuti ndione ngati sanandipusitse. Pali ina ya dzina lomweli yokhala ndi ma shader (timagawo ta chip timene timagwira ntchito yojambula) 2048, imene mphamvu zake n'zofanana ndi RX 570. Yanga inaonetsa 2304, nambala ya RX 580 yeniyeni. Mtima unakhala pansi.

Cholinga changa poyamba chinali chimodzi, kuithamangitsa. Ndinaika MSI Afterburner, pulogalamu yosinthira kagwiridwe ntchito ka khadi, ndinakweza core (liwiro la chip) kuchoka pa 1340 MHz kufika pa 1420, power limit (malire a magetsi amene khadi ingadye) ndinaikankhira kumapeto, n'kuyatsa Unigine Heaven, benchmark kapena kuti pulogalamu yoyesera mphamvu za khadi. Mphindi khumi zisanakwane kutentha kunali pa madigiri 86, mafani akulira ngati ndege ikunyamuka. Mchemwali wanga anasuzumira pakhomo: "Achimwene, mwatsegula chigayo m'chipinda muno?" Chopweteka n'chakuti mzere wa liwiro pa graph sunali kukhala pa 1420 pomwe ndinauika. Unkangokwera n'kutsika, nthawi zina mpaka kumunsi kwa 1300, chifukwa khadi ikapsa imadzichepetsera yokha liwiro kuti isafe. Phokoso lonselo, koma magemu osasintha.

Loweruka ndinasiya kaye mapulogalamu n'kumasula khadiyo. Fumbi la kuno ku Area 25 silichita manyazi. Pakati pa tizitsulo ta heatsink, chitsulo chochotsa kutentha pa chip, panali chinthu chonga bulangete, chofiirira, chochita kusenda ndi chala. Thermal paste, phala lopaka pakati pa chip ndi heatsink, inali itauma gwa, ikusweka ngati dothi la m'dambo nthawi ya chilimwe. Ndinapukuta ndi sipiriti, ndinapaka yatsopano, ndinatsuka mapiko a mafani ndi kaburashi ka mano kakale. Izi zokha zinatsitsa madigiri 7. Ndikadayambira pamenepa.

Kenako ndinatembenuka: m'malo mokweza liwiro ndinayamba kutsitsa voltage, mphamvu ya magetsi olowa mu chip, imene imayezedwa mu mV. Core ndinaibweza pa 1340. Khadiyi inkadya 1150 mV ikafika pa liwiro lake lapamwamba, ndipo opanga amapereka yochulukirapo dala kuti ngakhale chip chofooka chizigwira ntchito. Ndinkachotsa 25 mV, kuyendetsa Heaven theka la ola, kulemba m'kope, kuchotsanso. 1125, 1100, 1075, zonse bwinobwino. Pa 1050 osagwedezeka. Pa 1025 Heaven inatha popanda vuto, ine n'kuyamba kudzitama, koma usiku ndili m'kati mwa GTA V sikirini inangoti bii, kenako n'kundiponya pa desktop. Ndiye ndaphunzira kuti benchmark ikadutsa si kuti nkhani yatha. Gemu imasinthasintha katundu amene ikusenzetsa khadi, ndipo pa kusintha pamenepo m'pamene imagwira. Ndakhazikika pa 1060 mV, kusiya kampata pang'ono.

Zotsatira zake ndi zimene zandisangalatsa kuposa china chilichonse. GPU-Z ikuonetsa kuti chip chokha chikudya mawati pafupifupi 112, pomwe kale chinkafika 145. Mzere wa 1340 MHz uli chilili, osatsika ngakhale masana chipinda chitatentha ndi malata. Kwa ife ogula mayunitsi, mawati 30 pa maola atatu tsiku lililonse si ndalama yoti n'kumangira nyumba, komabe ndi yanga.

Za mafani ndiye zanditengera nthawi yaitali. Mmene inabwerera, mafani amaima zii khadi ikakhala yozizira, kenako kutentha kukadutsa madigiri 50 ndi kanthu amadzidzimuka, kuzungulira pang'ono, kuimanso. Ukamaonera YouTube usiku kamvekedwe kameneka kamatopetsa kuposa phokoso lokhazikika, ndipo fani ya kumanzere imachita kakhwekhwe nthawi iliyonse ikamayamba. Mu Afterburner, pa tabu ya Fan, ndinajambula curve yangayanga, mzere wouza mafani liwiro loti azizungulira nalo malinga ndi kutentha: 25% kuyambira pansi mpaka madigiri 45, 40% pa 60, 55% pa 70, 75% pa 78, ndipo 100% pa 85 kuchitira tsiku la tsoka. Ndinaikanso hysteresis ya madigiri 4, kuti kutentha kukatsika ndi digiri imodzi fani isamathamangire kusintha liwiro. Tsopano pa gemu ikumakhala pakati pa 68 ndi 71, mafani ali cha pa 52%. Akumveka ndithu, koma chitseko chikatsekedwa palibe akudandaula.

Cholakwa changa china: ndinali nditasiya zoikamo zina mu Adrenalin, pulogalamu ya AMD, kwinaku Afterburner ikulamulanso. Tambala awiri m'khola limodzi. Fani inkamvera uyu, kenako uyo. Ndinabweza za mu Adrenalin pa default n'kusiya mmodzi azilamula. Kumbukirani kuti curve ya Afterburner imagwira ntchito pulogalamuyo ikakhala yotsegula, ndiye iziyamba limodzi ndi Windows.

Memory ndinaiyesa mwachidule. Kuchoka pa 2000 MHz kufika 2100 palibe cholakwika. Pa 2175 chithunzi chinali choyera bwino, koma mu HWiNFO, pulogalamu yoonetsa mmene zipangizo za kompyuta zikuyendera, mzere wa GPU Memory Errors unkawerenga ngati mita ya madzi, ndipo mapointi a Heaven anatsika m'malo mokwera, poti memory ikalakwitsa imatumizanso zomwezo kachiwiri. Ndabwerera pa 2100.

Dzulo magetsi anazima ndili pakati pa gemu. Atayaka ndinapeza voltage yabwerera pa 1150, poti ndinali ndisanasunge kanthu. Mwayi kope lija linali pafupi. Tsopano zonse zili pa profile 1, ndipo pa profile 2 ndaika 1200 MHz ndi 950 mV kuti ndiziyesa masiku amene tikuyendera inverter. Imeneyo sindinaiyese mokwanira. Kakhwekhwe ka fani ya kumanzere kakadalipo kompyuta ikangoyaka. Ndayeza ndi rula kukula kwake ndi mipata ya timabowo ta masikuluwu, Lolemba ndikafufuze ina m'tauni.